Mzere Wachikasu pa Mwendo wa Ndege

1. Pansi pa mimba ya ndege

"Ingomanga, upake penti ina. Nkhani ithere pomwepo."

"Mzere waduka, achimwene."

"Ndauona. Maso ndili nawo. N'chifukwa chake ndikuti upake wina."

"Ndikapaka wina, wakalewo upita kuti?"

"Iwe, muno si m'kalasi. Mafunso akowo ukawafunse aphunzitsi ako Lolemba."

Wofunsayo anali atagona chagada pa katoni pansi pa mimba ya ndege, miyendo yokha ikuoneka kunja. Kunyumba ndi kushedi yosungiramo ndege komwe ankamutchula Nyerere, chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankalowa malo amene munthu wamkulu sangalowetse ngakhale mutu. Tsopano anali mtsikana wa kalasi yomaliza ku sekondale, koma dzinalo silinamuchoke, ndipo ntchito ya pansi pa ndege inali idakali yake.

Woyankhayo anali mchimwene wake wamkulu. Anali atanjuta pafupi ndi tayala, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Amalume awo anamupatsa dzina loti Kaputeni pomuseka, tsiku limene anayamba kuphunzira kuulutsa ndege. Iye analilandira ngati ulemu, ndipo palibe anavutika kumufotokozera.

Ndegeyo inali yaing'ono, ya mipando iwiri, yopangidwa ndi manja m'shedi momwemo ndi matabwa, mapaipi ndi nsalu yolimba. Inali ndi miyendo iwiri yachitsulo. Mwendo uliwonse unkagwira ku mimba ndi bawuti imodzi yonenepa ngati chala chachikulu. Ndege ikamatera, kulemera konse kwa injini, mafuta ndi anthu kumafikira pa mabawuti awiri amenewo.

Amalume akamanga nati ndi sipanala yawo yoyezera, Nyerere ankatulutsa kabotolo ka penti yachikasu m'thumba la ovololo yake. Ankajambula mzere umodzi woongoka, kuchokera pa nsonga ya bawuti, kudutsa pa nati, kukathera pa chitsulo cha mwendo. Mzere ukakhala wathunthu, ndiye kuti palibe chasuntha. Ukaduka, chinachake chasuntha. Penti payokha sinama. Imafuna munthu woti aithandize.

M'mawa umenewo mzere wa mwendo wakumanzere unali utaduka. Chidutswa cha pa nati chinali chitapatuka pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chikhadabo.

2. Zimene awiriwa ankadziwa

Loweruka lapitalo amalume anali kuchipatala kukayezetsa maso. Kaputeni anauluka yekha. Pobwerera, mphepo inamuwomba cha m'mbali, ndege inagwera pa udzu ngati thumba la simenti, inadumpha, n'kugwanso. Nyerere anali pakhomo la shedi. Phokosolo analimva m'mano.

Kaputeni atatsika anamuuza kuti, "Sunaone kanthu."

"Ndamva."

"Makutu ako ndi aakulu kuposa iwe. Awa ndi matayala chabe, anali ndi mpweya wambiri."

Lamulo la amalume linali lodziwika. Ndege ikatera mogunda, miyendo imachotsedwa, mabawuti amatayidwa, ndipo atsopano amaitanitsidwa kutali, kumene katundu amachedwa ngati akubwera wapansi. Woyendetsayo amabwerera pa mpando wa wophunzira mpaka amalume atakhutira.

Koma sizinali izi zokha zimene zinkamutulutsa thukuta Kaputeni. Mayi awo anali atavomera kuti lero akwera ndege.

Chiyambire pamene bambo awo anamwalira pa bwalo la ndege lomwelo, m'ndege yoyamba imene anapanga ndi amalume, mayiwo sanapondeko. Nkhani ya ndege ikayamba pa tebulo, ankadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Kaputeni anawanyengerera kwa nthawi yaitali. Mwina anangotopa naye, mwina anafuna kuona chimene chinkawalanda ana awo Loweruka lililonse. Dzulo lake anali atasita diresi ndi kugula mpango watsopano womanga kumutu.

"Tamvera, Nyerere," anatero Kaputeni, mawu atatsika. "Akabwera n'kupeza ndege ili pa zoimikira, miyendo ili padera ngati nkhuku ya m'sitolo, ukuganiza adzabweranso? Adzati zija zayambanso. Adzauza amalume kuti atseke shedi ino. Iwe ndi tipenti takoti mudzapita kukaphunzira kusoka makatani."

"Nanga bawuti ikakhala kuti yavulala?"

"Bawuti si mwana. Nati yamasuka pang'ono chifukwa cha kunjenjemera kwa injini, basi. Ndaulukapo kawiri chichitikire zimene zija. Wandiona nditafa?"

Nyerere anabwezeranso maso pa mzere uja. Mchimwene wakeyo anaimirira n'kusasa fumbi pa thalauza.

"Ndikukatenga amayi. Ndikamabwera ndipeze mzere umodzi."

3. Nkhope ziwiri za bawuti

Galimoto itachoka, m'shedi munatsala Nyerere ndi malata, amene ankathetheka pamwamba pake dzuwa likamawatentha.

Shediyo sinali malo osowa anthu ngakhale munthu atatsala yekha. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko panali ovololo ya malemu bambo ake. Palibe anaichotsa, chifukwa palibe anafuna kukhala woyamba kuigwira. Mphepo ikalowa, ovololoyo inkafufuma pachifuwa, manja ake n'kutukuka pang'ono ngati munthu akufuna kunena kanthu koma wasintha maganizo.

Ndege yachiwiriyi anaiyamba ndi bambo omwewo, amalume anangoimaliza. Pansi pa mimba, pa thabwa limene linali pamwamba penipeni pa nkhope ya Nyerere, manambala awo a pensulo ankaonekabe m'kati mwa vanishi. Seveni wawo anali ndi kamzere pakati, ngati wa Nyerere.

Anatenga sipanala n'kuiika pa nati. Anangokankha pang'ono. Natiyo inayenda mosakana, ngati chitseko cha nyumba imene umaidziwa. Anasiya msanga. Anatulutsa kabotolo ka penti, anakatsekula, anakanunkhiza, n'kukaika pa katoni.

Kunja kunamveka njinga yolira unyolo. Amalume analowa akukankha njingayo, atavala magalasi awo okhuthala amene sankawathandiza kwenikweni. Anali makanika wopuma ntchito, mlongo wa mayi a Nyerere. Manja awo ankadziwabe chitsulo chilichonse m'shedimo, koma maso anali atayamba kuchita nkhungu. Kamzere ka penti sakanakaona ngakhale atakagunda ndi mphuno.

"Maso anga ali kuti?" anafunsa. Ndimo mmene ankamuitanira masiku amenewo.

"Ali pansi pano, amalume."

"Mizere ili bwanji?"

"Ndikuonabe."

"Ona bwino. Lero tikunyamula katundu wosabwezeka."

Anaimika njinga n'kupita pa zenera. Pamenepo pankalendewera theka la bawuti, lomangidwa ku waya. Linali la m'ndege yoyamba ija. Theka linzake silinapezeke. Linatsala penapake mu udzu wa kumapeto kwa bwalo, ndipo mpaka pano wotchetcha udzu ankaima n'kuvula chipewa chikwanje chake chikagunda chitsulo.

Amalume anamasula wayawo.

"Tuluka pansipo, mwana wa mlongo wanga. Mayi ako akubwera lero, ndiye ndikufuna umve izi asanafike. Ndipatse chala."

Nyerere anatuluka n'kupereka chala. Amalume anachiyendetsa pamene bawutiyo inadukira.

"Wamva apa? Posalala, pakuda. Tsopano apa. Pokhakhala, powala ngati shuga. Bawuti imodzi, nkhope ziwiri. Posalalapa ndi pamene mng'alu unkayenda. Unayamba wochepa ngati tsitsi limodzi, m'kati mwa bowo, kumene diso silifika. Ndege ikatera, unkayenda pang'ono. Ikateranso, pang'ono. Ukaunika bwino uona timizere tokhota. Kamzere kalikonse ndi ulendo umene bambo ako anatera bwinobwino, n'kutsika akuseka, n'kupita kunyumba kukakunyamula iwe. Pokhakhalapa ndi kachitsulo kamene kanatsala tsiku lomaliza. Kanathyoka kamodzi ngati bisiketi. Mwendo unapinda, mphuno inalowa pansi, ndege inagudubuzika. Anthu amati ngozi inachitika tsiku limenelo. Ayi. Tsiku limenelo inangomalizika."

Malata anathetheka. Amalume anapitiriza.

"Usamve anthu akunena kuti alamu anga anali munthu wosasamala. Anali wosamala kuposa ine. Akaona nati yamasuka, ankaimanga pomwepo. Ikamasukanso, ankaimanganso. Mumtima mwawo ankati akuisamala ndege. Koma nati simasuka chifukwa cha ulesi. Ikamasuka, ikukuuza kuti bawuti yatanuka, kapena yang'aluka, kapena bowo lakula. Ukaimanga osafunsa chifukwa, wangomutseka pakamwa munthu amene wabwera kudzakuuza kuti nyumba ikupsa. Ndiye umakhala pansi, n'kumati, aa, koma m'nyumba muno mwachita bata."

Anabwezera theka la bawuti lija pa waya, n'kuloza ku khoma kumene kunali nsanza yofiira yopachikidwa pa mbedza.

"N'chifukwa chake tili ndi mzere, n'chifukwa chake tili ndi nsanza iyo. Aliyense akhoza kuimanga pa pulopela, kaya ndi iwe, kaya wotchetcha udzu, kaya mlendo wongodutsa amene wamva phokoso losamusangalatsa. Womanga safunsidwa kuti ndiwe yani, kapena unaphunzira mpaka pati. Ikamangidwa, ndege siuluka. Womasula ndine ndekha, ndipo sindimasula ndisanagwire chitsulo ndi manja anga. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Ndikukayendera bwalo. Mfuko za kuno zimakonda kukumba pamene pamatera ndege, ngati zili pa malipiro."

Anatenga ndodo yawo n'kutuluka.

4. Nsanza yofiira

Nyerere anaima pakati pa shedi. Penti inali itayamba kuuma pakamwa pa kabotolo. Anakatseka n'kukabwezera m'thumba.

Anapita ku khoma, anatenga nsanza ija. Inali yafumbi, ndipo kangaude anali atamangapo nyumba. Anaikutumula, anakwera pa bokosi, n'kuimanga pa pulopela mfundo ziwiri. Anatsika. Anakhala pa bokosi lomwelo n'kudikira.

Galimoto inaima pakhomo. Kaputeni anatsika woyamba, akulankhulabe, n'kuthamangira kukatsekulira mayi awo chitseko ngati akutsekulira bwana wa kampani. Atatembenuka anaiona nsanza. Chiganizo chimene anali atachiyamba sichinafike kumapeto.

Anayandikira mlongo wake n'kulankhula mano atalumana.

"Masula."

"Womasula si ine."

"Nyerere, ndikukupempha. Amalume sanaione. Masula msanga."

"Aiona," anatero mawu ochokera pakhomo. Amalume anali atabwerako. "Maso anga ndi oipa, Kaputeni, koma chofiira chachikulu chonchi ndimachiona. Takulandirani, achemwali. Khalani pa benchipo, ndapukuta."

Mayi sanakhale. Anaima pakhomo atagwira kachikwama kawo ndi manja awiri. Anayang'ana ndege, anayang'ana nsanza, kenaka maso awo anapita kuseri kwa chitseko. Mphepo inali italowa nawo, ndipo ovololo ija inali itafufuma.

"Simunaichotsebe?"

"Palibe anatiuza kuti tichotse."

"Isiyeni." Anakhala pa benchi. "Ndinkadziwa kuti ndikabwera kuno ndipeza chinachake chikundidikira. Nsanzayo ikutanthauza chiyani, malume?"

"Ikutanthauza kuti mumwe tiyi kaye. Wamanga ndani?"

"Ndine," anatero Nyerere. "Mzere wakumanzere waduka."

Anathera pomwepo. Za Loweruka lapitalo sananene. Kaputeni anamuyang'ana, ndipo Nyerere sanathe kudziwa ngati m'maso amenewo munali kuthokoza kapena chidani.

"Ndi kunjenjemera kwa injini chabe, amalume," anatero Kaputeni. "Mungoyeza ndi sipanala, tiuluke. Amayi avala kale."

"Mpango sukalamba ndi masana amodzi," anayankha amalume. "Bwera, ika msana wako wa ukaputeniwo pansi pa phiko. Tukula."

Kaputeni anawerama, anaika msana pansi pa phiko, n'kutukula. Nyerere anakankhira choimikira chamatabwa m'malo mwake. Anachitanso chimodzimodzi mbali inayo. Atamaliza, matayala anali m'mwamba, ndipo malaya oyera aja anali ndi chizindikiro chakuda kumsana.

5. Palafini ndi choko

Bawuti yakumanzere inatuluka mosavuta. Nyerere anaipukuta n'kuiunika pa zenera. Inali yowala, yoongoka, yopanda chilema chooneka.

"Mwaona?" anatero Kaputeni. "Yatsopano ngati ya m'sitolo."

"Ya bambo ako inkaonekanso choncho kunja," anatero amalume. "Nyerere, bweretsa chitini."

Njira yawo inali yakale, ya m'magalaja. Anaviika bawuti mu palafini kuti alowe paliponse pamene angalowe. Atadikira, anaivuula n'kuipukuta mpaka inauma gwa. Kenaka anaipaka choko chosinja chosungunula mu sipiriti. Sipiriti atauluka, bawuti inatsala yoyera mbee ngati fupa.

"Onani, achemwali," anafotokoza amalume, akuikoleka pa waya. "Ngati muli mng'alu, palafini wabisala mmenemo. Nsanza siimufika. Ndikaigogoda, atuluka n'kudetsa choko. Chitsulo sichilankhula, koma chimalavula."

Anaigogoda ndi kahamala. Inalira bwino, mawu aatali ngati belu la sukulu. Anagogodanso.

"Maso anga, unika."

Nyerere anatenga galasi lokulitsa zinthu. Anaunika pansi pa mutu wa bawuti, pakati, kunsonga. Anaitembenuza n'kuyambiranso. Chokocho chinali choyera ponseponse.

"Palibe kanthu," anatero motsitsa mawu.

Kaputeni anaseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka.

"Palibe kanthu. Mwamva, amayi? Dokotala wamkulu wa manati wayeza wodwala, wapeza kuti ali bwino kuposa iye mwini. Tsiku lonse lapita, malaya anga apita, chifukwa cha kamzere. Nyerere, ukadzakwatiwa amuna ako adzavutika. Supuni ikadzasuntha pa tebulo udzamanga nsanza pa chitseko."

Nyerere anaika galasi pa tebulo. Anayang'ana pansi.

"Usamuseke mwana," anatero mayi. Koma nawonso anali atapuma mpweya wautali, ndipo anali akukonza mfundo ya mpango wawo. "Ndiye tikwera, malume? Ndikabwerera kunyumba osakwera lero, mtima umenewu sindidzaupezanso."

Amalume anachotsa bawuti pa waya. Ankazunguza bawuti yoyerayo pakati pa zala.

"Pali kanthu kakundivuta," anatero. "Bawuti ili bwino. Bowo ndaligwira, lili bwino. Koma nati inasuntha. Funso lija silinayankhidwe, langosamukira kwina. Munthu akamatsimphina mwendo wakumanzere, nthawi zina chilonda chimakhala kumanja. Wakumanzerewo wangotopa ndi kusenza katundu wa mnzake."

"Mzere wakumanja ndi wathunthu," anatero Kaputeni msangamsanga. "Funsani maso anuwo. Nyerere, si wathunthu?"

"Ndi wathunthu," anavomera Nyerere. Anali atauona m'mawa.

"Ndiye tichotserenji chinthu chabwinobwino?"

"Chifukwa ndege ili kale m'mwamba, ndipo palafini sanathe," anatero amalume. "Ndigwire mkono, ndigwade."

6. Mwendo winawo

Amalume anagwada movutikira n'kulowetsa dzanja pansi pa mimba. Anali ndi chizolowezi chogwira kaye nati asanaike sipanala. Chala chawo chinayenda pa mzere wachikasu, chinabwerera, n'kuima.

"Penti yanenepa bwanji apa?"



Anakanda ndi chikhadabo. Kachidutswa ka penti kanagwera pa katoni.

"Maso anga, lowa. Tenga galasi. Undiuze zimene ukuona, usachotse, usawonjezere."

Nyerere analowa pansi. M'mawa anangouyang'ana mzerewo ndi maso wamba, n'kuona kuti walumikizana. Tsopano pa galasi unaoneka mwina. Unali wonenepa, wokhota pang'ono kumapeto, ngati wojambulidwa ndi munthu wothamanga. Pamene amalume anakanda panaonekera penti ina pansi pake, yakale, yozilala, yopyapyala. Imeneyo ndiyo inali ya dzanja lake. Mzere wakalewo unali utaduka. Pa nati, chidutswa chake chinali kutali, pafupifupi mbali ina.

"Pali mizere iwiri, amalume."

"Pitiriza."

"Wapansi ndi woduka. Wapamwamba waphimba wapansi."

Amalume anapukuta chikhadabo pa thalauza. Kenaka anatambasula dzanja, Nyerere anaikamo sipanala.

Bawuti yakumanja sinafune kutuluka. Anaigogoda pang'onopang'ono mpaka inagwera m'dzanja mwawo. Sanaitanitse palafini. Anaiyendetsa pa chala, anadzuka, anapita pa tebulo n'kuipanitsa pa vayisi, chopanira zitsulo. Anaika chikhatho pa mutu wake n'kukankha, osati mwamphamvu, monga munthu amakankhira chitseko cha chipinda chimene muli mwana wogona.

Mutuwo unathyoka n'kugubuduka pa tebulo, n'kugwera pa simenti. Unalira kamodzi, mawu aafupi, ouma.

Mayi anadzuka pa benchi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo n'kuwerama. Pothyokapo panali pakuda, posalala, pafupifupi ponse. Powala panali pochepa ngati mutu wa machesi.

"Ndikanakhala mbali iti?" anafunsa.

"Yakumanja," anayankha amalume.

Mayi anagwedeza mutu pang'ono, ngati awauza mtengo wa chinthu chimene sanafune kugula. Anamasula mpango kumutu, anaupinda bwinobwino n'kuuika m'kachikwama.

Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Polankhula, sanakweze mawu.

"Izi si za dzulo kapena dzana. Timizere tokhota ndikutimva ndi chala, tambiri. Bawuti iyi yatera maulendo ambiri ili yodwala, ndipo inanena. Inadula mzere kuti tione. Munthu wina m'shedi muno anaona, anatenga sipanala, anamanga, n'kupakapo penti ina kuti ine wakhungu ndikafunsa ndiuzidwe kuti zonse zili bwino. Kulakwitsa potera sindikuwerengera, ana inu. Aliyense amene amauluka anagundapo pansi. Kumanga nati mosadziwa ndikhoza kukhululuka, chifukwa munthu wabwino kuposa tonsefe anachitapo. Koma kuphimba mzere si kusadziwa. Wophimba mzere amadziwa chimene mzerewo ukunena."

Anabwezera magalasi pamaso. Mutu wawo unatembenukira kwa Nyerere, pang'ono chabe, kenaka unabwerera.

Nyerere anamva kabotolo kakumulemera m'thumba. Aliyense ankadziwa kuti penti yachikasu imakhala m'ovololo yake, ndipo kujambula mizere ndi ntchito yake. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti mzere wokhotawo si wake. Ankadziwanso kuti masiku a sukulu ovololoyo imatsala m'shedi, ndipo makiyi a shedi ali ndi anthu awiri: amalume, amene sangaone pojambula, ndi mchimwene wake.

Anamuyang'ana Kaputeni. Iye anali atatola nsanza ya girisi pansi, akupukuta manja. Anapukuta chala chilichonse, n'kuyambiranso. Maso ake anali pa tayala.

 

Mayi anatola mutu wa bawuti pa simenti n'kuufumbata. Anayang'ana mwana wawo wamwamuna, anayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Ana anga ndi awiri," anatero. "Wopakayo ndi uti?"